Mlatho Wosafika Kutsidya

Lolemba

M'mawa. Ndaganiza, ndipo ganizo langa silisinthanso. Ndimanga pier.

Ndilembe kaye chifukwa chake mwadongosolo, pakuti m'nyumba muno aliyense akulankhula nthawi imodzi ngati ana a Sitandade Wani.

Loweruka likudzali kuli chinkhoswe cha Esinati, mwana wa malemu mlongo wanga. Ine ndine malume wake, choncho ndine nkhoswe wa kuchikazi. Mnyamata wake, Fostino, ndi wa kuchilumba, pakati pa nyanja ya Chilwa. Nkhoswe wa kuchimuna ndi a Mulipa, malume a mnyamatayo, amene anali kalaliki wa khoti masiku akale: munthu wochepa thupi ngati mwana wa sukulu, koma wonyada ngati bwanamkubwa.

Mwezi watha a Mulipa anabwera kudzakambirana. Sanafike. Boti linaima pamene madzi athera, iwo anatsika, matope anawameza mpaka m'mawondo, nsapato imodzi inatsala momwemo. Anyamata a padooko, amene ganyu yawo ndi kubereka apaulendo kumsana kuwafikitsa pouma, anathamangira kukawathandiza. Iwo anakana: "Ine sindiberekedwa ndi ana onunkha matemba." Anakweranso boti lomwelo, osapereka ndi moni womwe.

Dzulo Fostino wabweretsa uthenga, maso ali pansi: "Amalume akuti abwera Loweruka. Koma akuti akapondanso matope aja, basi, ine ndikakwatire kwathu konko. Mtsikana wina anandionera kale."

Ndipo nkhani ya Esinati ndi yosadikira. Sindilemba zambiri. Ndingoti chitenje chayamba kumuchepera, ndipo amayi a kumpingo ali ndi maso. Ine ndine mkulu wa mpingo!

Masana. Ndatsitsa dikishonale yanga pamwamba pa kabati. Tanthauzo la pier, m'chinenero chathu, ndi ili: chomangidwa ndi mitengo kapena chitsulo, chochokera pamtunda kulowa m'madzi, kuti otsika m'chombo afike pouma osanyowa mapazi. Mawuwa ndinawaphunzira ku mishoni, m'buku lowerenga lokhala ndi chithunzi: azungu ovala zipewa akuyenda pamwamba pa nyanja ngati pamsewu, manja kumbuyo. Chinthucho sindinachionepo ndi maso, koma chithunzi chija ndimachikumbukira bwino lomwe.

Dikishonaleyi ikuperekanso tanthauzo lachiwiri, loti mzati wochirikiza mlatho. Limenelo sindiuza munthu. Lingowalimbikitsa m'kusamva kwawo.

Ndafotokozera akazi anga, amake Joni. Amvetsera akusankha nyemba za kalongonda m'lichero.

"Ndiye ndi dooko."

Ndati si dooko. Dooko ndi malo chabe, anaika ndi Mulungu. Ichi n'chomangidwa ndi manja.

"Ndiye ndi mlatho."

Ndati si mlatho. Mlatho umafika kutsidya.

"Uwu sufika?"

Sufika.

"Oho. Mlatho wosatha. Ngati uja anausiya panjira akuluakulu aja chisankho chitangotha."

Zaka zonsezi ndakhala m'nyumba imodzi ndi munthu ameneyu!

Madzulo. Zofunika:
— mitengo ya bulugamu, ya kumunda kwanga;
— misomali;
— mmisiri: alamu anga a Namakhwa, mlongo wa akazi anga, amene ali ndi macheka abwino ndi pakamwa poipa;
— matabwa.

Matabwa alipo. Ali pa mitanda ya denga m'chipinda changa, a mkungudza weniweni wa kuphiri. Ndinawagula nditangopuma pa ntchito ya uhedimasitala. Ndi a bokosi langa. Sindifuna kudzagonekedwa m'matabwa a mango ngati munthu amene imfa yamudzidzimutsa. Ndiwabwereka kwa ine mwini mpaka Lamulungu, kenako abwerera pamalo pake.

Amake Joni akuti, "Matabwa a bokosi akatsika padenga sakweranso." Zikhulupiriro za anthu osapita patali ndi sukulu.

Lachiwiri

M'mawa. Tinapangana kuyamba dzuwa likutuluka. A Namakhwa afika dzuwa litakwera kale, akutafuna chinangwa.

"Alamu, ndamva mukufuna kuyenda pamadzi ngati Petulo. Paja ujayu zinamuthera bwanji?"

Sindiyankha zoseweretsa Malemba.

Ndawajambulira pansi ndi ndodo mmene chinthuchi chimaonekera. Aona, apendeketsa mutu, ati, "Ndamva. Thandala loyanikapo mbale, koma lalitali."

Mtengo woyamba. Tauimika, a Namakhwa amenya ndi hamala yaikulu. Walowa. Amenyanso. Walowa wonse! Mtengo wautali kuposa ine, wapita ngati singano m'phala. Pangotsala kabowo, nako katseka ife tikuona.

Dikishonale sikunenapo kanthu za matope.

Anyamata obereka anthu aja akhala pa boti lovundikirika, akuonerera ngati kuli mpira. Mmodzi akuti, "Aphunzitsi, mukatilanda ganyu tizidzadya kwanu." Ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndekha. Lero ndikuona kuti ndinkawakwapula mochepa.

Masana. Njira yapezeka: mitengo iwiriiwiri yopingasana, pansi pake mitolo ya mabango kuti isamire. Ganizoli ndi langa. A Namakhwa akuti ndi lawo. Mbiri idzaweruza.

Esinati watibweretsera thobwa. Wagwada popereka, podzuka wachita kugwira mtengo. Ndayang'ana kumbali. Wangoyang'ana kunyanja kumene kuli chilumba, kenako matope, kenako ine. Malemu mayi wake ankayang'ana choncho akafuna kupempha chinthu osatsegula pakamwa.

Madzulo. Matabwa oyamba akhomedwa. Fungo la mkungudza ladzaza dooko lonse mpaka kuposa la nsomba. Msomali uliwonse ndaumva m'nthiti mwanga. Ndapempha a Namakhwa kuti aziboola mosamala, pakuti mwini wake adzawafunabe.

"Musade nkhawa, alamu. Timabowoti tidzakuthandizani kupuma."

Abwera a Khwiya, msodzi wokalamba uja amene sanapondepo m'tchalitchi chibatizidwire, akununkha kachasu monga mwa masiku onse. Agwada, asisita thabwa ndi chikhatho ngati akusisita mwana, anunkhiza.

"Aphunzitsi, matabwa otere kuwapatsa achule? Ine nditagona pa amenewa sindingadzukenso."

Ndawauza kuti achotse dzanja.

Ana a m'mudzi akuimba kale "piya, piya" pobwerera kunyumba. Katchulidwe n'koperewera, koma maphunziro amayamba choncho.

Lachitatu

M'mawa. Ndapalasa njinga mpaka ku Migowi kukaonjezera misomali. Mwini sitolo wandilandira ndi manja awiri: "Bwana, ndamva kwanu kukumangidwa mlatho wopita kuchilumba. Ndi chipani chiti chakukumbukirani?"

Ndamufotokozera tanthauzo lonse, pang'onopang'ono, monga ndinkachitira ndi ana ovuta kumva. Wagwedeza mutu. "Ndamva, bwana. Ndiye kuti ili ndi gawo loyamba."

Masiku ano a matipate, chisankho chikayandikira, munthu sangakumbe ngakhale chimbudzi chake osafunsidwa kuti n'cha chipani chiti.

Masana. Ndabwerera, ndapeza padooko pakulira ng'oma! Amayi ovala nsalu za chipani akuvina. Dzina la chipanicho sindilemba muno. Buku lino ndi laulemu. Wapampando wawo wa dera, amene ine ndinamubwerezetsa kalasi chifukwa cha masamu, waima pa matabwa anga ndi nsapato zamatope, akukuwa:

"Ena analonjeza, ife tayamba! Lero tafika apa! Mukativotera, tifika kutsidya!"

Nthungululu.

Ndipo penti! Munthu wagwada, akulemba zilembo zikuluzikulu: TIFIKA KUTSIDYA. Pa mkungudza!

Ndakwera pa mulu wa mitengo, ndapempha bata, ndafotokoza kuti:
choyamba, ichi si mlatho;
chachiwiri, sichifika kutsidya, ndipo sichinalinganizidwe kuti chifike;
chachitatu, n'changa.

Aomba m'manja mwaulemu. Wapampando akuti, "Mwamva nokha, anthuni. Ngakhale a Hedi ali nafe." Andimangirira nsalu ya chipani m'khosi ndisanatsike.

Madzulo. Afika a chipani china, atamva ng'oma. Awa akuti mlathowu ndi umboni wa kuba: ndalama za mlatho wonse zadyedwa, kwatsala kachidutswa. Akufuna kudziwa kuti ine ndinadyapo zotani. Ine! Magulu onse awiri akwera pamwamba kuti akangane bwino. Mitengo yakutsogolo yagwada. Woimba ng'oma wagwera m'matope ndi ng'oma yake yomwe, ndipo ndivomere kuti chisoni sichinandifikire.

Ntchito ya tsiku lonse: kuwongola zimene zinali zowongoka dzulo.

A Namakhwa akuti tikalawirira mawa, pofika Lachisanu tatha. Ndawakhulupirira, chifukwa palibe wina woti ndimukhulupirire.

Amake Joni angoti, "Nsaluyo ndipatseni, ndizipukutira mbale." Esinati wabweza chakudya chake osachikhudza.

Lachinayi

M'mawa. Kulira kumunsi kwa mudzi. A Khwiya atisiya. Anagona dzulo, sanadzuke.

Mulungu awachitire chifundo. Ndalemba zimenezi moona mtima. Koma ndilembenso ichi: munthu amene moyo wake wonse sanafulumirepo pa chinthu chilichonse, wafulumiriranji sabata ino?

Mwambo ndi wodziwika. Maliro akakhala m'mudzi, khasu silikhudza nthaka, hamala silira, kupatula ya bokosi, kufikira a kumanda atabwerako. Masamba aikidwa kale panjira. Pier waima pakatikati.

Masana. Ndili pasiwa, ndakhala ndi akuluakulu. Ndikuona adzukulu, anyamata okumba manda, akunong'onezana ndi a Namakhwa. Ndikuona a Namakhwa akuloza kunyanja ndi chibwano.

Abwera. Anyonyomala patsogolo panga, zipewa m'manja, ulemu wonse. Wamkulu wawo akuti:

"Agogo, malemu alibe thabwa ngakhale limodzi. Ocheka ali kutali kuphiri. M'mudzi muno matabwa ouma ali malo amodzi okha."

Ndati matabwawo ali pa ntchito.

"Ali panja, agogo. Thabwa likakhala padenga la mwini wake, ife m'nyumba sitilowa. Likakhala panja, tsiku la maliro ndi la mudzi."

Ndati kuli chinkhoswe Loweruka, pali tsogolo la mwana wamasiye.

"Mukhoza kukana, agogo, ndi ufulu wanu, masiku ano ndi a demokalase. Ifenso tsiku lanu tidzakhala ndi ufulu wathu. Makasu tidzakusiyirani pakhomo."

Anena akumwetulira. Anthu onse pasiwa ayang'ana pansi, makutu ali kwa ine. Mkulu wa mpingo kumana wakufa bokosi!

Ndati tengani ochepa.

A Khwiya anali munthu wamtali. Sindinazindikirepo kuti anali wamtali chotere.

Madzulo. Hamala ikulira kuseri kwa siwa. Misomali imeneyo ndikuidziwa, ndinaigula dzulo.

Ndapita kudooko kukaona. Mitengo ili chiimire, pamwamba pali mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Asankha abwino okhaokha, otambalala.

A Namakhwa akuti, "Nanga ndikanatani, alamu? Ndiname pamaliro? Komatu likukongola. Mukaliona musirira."

Amake Joni sananene kuti ananena kale. Angoyang'ana padenga nthawi yaitali, ataonetsetsa kuti ine ndikuwaona.

Esinati wamva zonse. Wabwera, wagwada pakhomo. "Amalume, musavutike. Akapanda kutsika ndidzapita kwa azakhali ku Chiringa, anthu asadzakusekeni kutchalitchi." Ndamuuza kuti mwana wa mlongo wanga sathawa m'mudzi wa mayi wake, ndipo a Mulipa atsika. Ndanena mwamphamvu, ngati pa mzere wa m'mawa kusukulu. Ndikanakonda ndikanadziwa kuti atsikira pati.

Lachisanu

M'mawa. Maliro akuchedwa. Akudikira mwana wa malemu wochokera ku Nazombe, amene akuti njinga yamuphulikira panjira. Dzuwa likukwera. Ine ndikuliyang'ana ngati mdani.

Poti malemu sanali wa mpingo uliwonse, abusa sabwera. Apempha ine kuti ndikangopemphera kumanda. Ine, pamwamba pa matabwa anga!

Bokosi latuluka. Kukongola kwake! Fungo lake! Amayi asiya kulira kuti alione bwino. A Namakhwa anayesa kupala penti ija koma nthawi inawachepera, ndiye m'mbali mukuwerengekabe: TIFIKA KUTSIDYA. Anthu akuti ndi mawu otonthoza kwambiri, ndipo akuyamika ine powasankha. A chipani chija akhala kutsogolo monyadira. Achibale akuti malemu anali wa chipani chinacho. Pang'ono pabuke ndewu pamanda.

Ndapemphera mwachidule kuposa kale lonse. Mayi wina akuti Mzimu unandifikira.

Dothi loyamba litagwa pa chivundikiro, ndamva kulira kwa mkungudza weniweni, kolemera, kosiyana kutali ndi kwa mango. Ndinasankha bwino.

Masana. Titangosamba m'manja pochokera kumanda, ndathamanga. Inde, ndathamanga, anthu akuona. Zotsekera mipata:
— chitseko cha nyumba yanga;
— matabwa a bedi langa;
— benchi ya pakhonde;
— bolodi lakale limene ndinkathandizirapo ana a mayeso, likadali ndi masamu ochulukitsa;
— chitseko cha khola la mbuzi. Mbuzizo zili m'khitchini. Amake Joni adziwa posachedwa.

Adziwa. Anena mawu ena m'Chilomwe amene sindingawalembe. Kenako, poona chitseko cha nyumba chikutuluka pamutu pa mlongo wawo: "Tengani ndi denga lomwe, alendowo akakhale ndi mthunzi."

Madzulo. Watha! Pier watha!

Ndavala jekete, ndayenda kuchokera pamtunda mpaka kumapeto, manja kumbuyo, ngati azungu a pachithunzi aja. Pa chitseko pamanjenjemera pang'ono, ndipo chogwirira chake n'chofunika kuchilambalala, koma pansi panga pali madzi, madzi enieni, akunyambita mitengo. Nsapato zanga n'zouma! Ndaima pamenepo, ndatchula mawuwo mokweza, m'katchulidwe koyenera. Ndikanakonda aphunzitsi anga a ku mishoni akanakhalapo.

Anyamata obereka aja azemba mmodzimmodzi. Esinati wadya.

Kwayamba kamphepo kozizira kochokera kumwera. Ndi kabwino; kathamangitsa udzudzu, poti lero tigona opanda chitseko.

Loweruka

M'mawa. Nyanja yachoka.

Ndilembenso bwino. Mwera waomba mwamphamvu mpaka kucha, ndipo nyanja yathuyi ndi yosaya ngati lichero: mphepo ikalimba imakankhira madzi kumpoto. Zimenezi ndimazidziwa. Ndinaziphunzitsa m'kalasi zaka zambiri, ndi mapu omwe! Pier waima bwinobwino, wowongoka, wouma, pakati pa matope okhaokha. Madzi akunyezimira kutali, kotalika ngati bwalo la mpira.

Akakowa akuyenda pansi pa chitseko changa.

Kunyumba zonse zakonzeka: kalongonda wakhala pamoto chiyambire dzulo, thobwa lili m'mitsuko, nkhuku ya mwambo yamangidwa mwendo. Esinati amuveka. Palibe amene akundiyang'ana m'maso, ngakhale a Namakhwa alibe nthabwala, ndipo zimenezi zikundiopsa kuposa mphepo.

Ndapemphera kuti mwera utembenuke. Ndapemphera kuti boti lisabwere lero. Pemphero lachiwirilo ndalibweza.

Ndavala suti yakuda, tayi, nsapato zopolisha. Nkhoswe alandire alendo monga nkhoswe.

Masana. Boti laoneka.

Madzulo. Ndikulemba nditagona chafufumimba. Zayenda motere.

Boti laima pamene madzi athera. Onse atsika, amayi atakweza nsalu, Fostino yemwe. Mwatsala munthu mmodzi, chiimire: chipewa, ambulera, nsapato zatsopano zofiirira zikuwala ngakhale patali. A Mulipa ayang'ana matope, ayang'ana pier, ayang'ana ine nditaima kumapeto kwake ngati mbendera.

Anyamata obereka athamangira. Awabweza ndi ambulera. Akuwa molimbana ndi mphepo: "Ndinanena kale! Sindiberekedwa ndi ana! Tembenuzani boti!"

Mwini boti wazika nsungwi yake kuti akankhe. Kumbuyo kwanga ndamva kamawu kakang'ono, ngati ka mwana wa mbuzi. Esinati, m'zovala zake zonse za mwambo, dzanja pakamwa.

Sindikukumbukira kuti ndinaganiza. Ndikukumbukira kuti ndavula nsapato, ndaziika bwinobwino pa bolodi, ndapinda buluku, ndatsika. Kupinda bulukuko kunali kutaya nthawi.

Matope ozizira, mpaka m'mawondo, kenako kupitirira. Nditafika paboti ndavula chipewa.

"Ankhoswe anzanga, mwayenda bwanji? Mwati simuberekedwa ndi ana. Ine ndine hedimasitala wopuma, mkulu wa mpingo, ndipo ndinabadwa inu musanabadwe. Kwerani."

Ndatembenuka, ndawerama.

Nthawi imene yapita pamenepo sindingaiyeze. Kenako ndamva bondo pamsana, ndi ambulera pakhosi.

Ndi opepuka, monga ndinalembera Lolemba. Poyamba. Munthu wonyada amanka nalemera. Akulamula ngati ali m'khoti: "Kumanzere, aphunzitsi. Samalani nsapato. Musagwedezeke."

Pakati penipeni mpweya wandithera. Ndaima. Miyendo ikumira pang'onopang'ono, zidendene za nsapato zofiirira zija zikuyandikira matope. Kulankhula kwandikanika. A Mulipa agwira tayi.

"Bwanji mwaima?"

Ine chete, ndikufuna mpweya.

"Aphunzitsi, tisachitirane zimenezo. Ndife akuluakulu."

Chete.

"Chabwino! Mtsikanayo tamulandira. Za wina uja zinali zongonena."

Ndikupumabe. Apa asiya kalankhulidwe ka kukhoti, ayamba kusakaniza Chilomwe cha amayi awo.

"Mnyamata adzamanga nyumba kuno kwanu, monga mwa mwambo. Ukwati wa kutchalitchi mwezi uno womwe. Yendani, bambo, chonde!"

Mpweya wabwerera, ndayenda. Ndilembe pano pamaso pa Mulungu kuti sindinaime mwadala. Koma sindinaonenso chifukwa chowawongolera.

Ndawatsitsa pa chitseko cha mbuzi, kumapeto kwa pier. Ayang'ana nsapato zawo: zopanda ndi kadontho komwe. Ayenda pa bedi langa, pa masamu ochulukitsa, pa chitseko changa, pa mkungudza wotsala, afika pouma. Atembenuka, ayang'ana zonsezo ndi diso la kalaliki.

"Ntchito yabwino. Nanga mlathowu mudzaumaliza liti?"

Ndangopita kukatola nsapato zanga pa bolodi.

Chinkhoswe chachitika. Alendo akhala pa mikeka, poti benchi ili kunyanja. Nkhuku zasinthanidwa, malangizo aperekedwa, nthungululu zamveka mpaka kumanda kwa a Khwiya. A Mulipa abwereza pamaso pa onse zimene ananena pamsana panga, mawu ndi mawu, akundiyang'ana cham'mbali ngati munthu woopsa.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Msana wakana. Ndagona pa mkeka pansi, pakuti bedi lili kunyanja, ndipo nkhuku zikulowa ndi kutuluka mwaufulu, pakuti chitseko chili komweko.

Mwera waleka. Madzi abwerera, afika pa mitengo monga Lachisanu. A Mulipa, amene anagona kuno, akuti anyamuka m'mawa, ayenda pa matabwa, alowa m'boti osapinda ndi buluku lomwe. Ndiye kuti chinthuchi chagwira ntchito yake ndendende monga mwa dikishonale, ine kulibe. Ndauzidwa ndi a Namakhwa, amene tsopano akuti ganizo lonse linali lawo.

Zina zimene ndauzidwa:
— amayi ayanikapo kale matemba, akuti thandala labwino chotere sanalionepo;
— chipani chilichonse chikuti chinzake ndicho chinasiya mlatho panjira;
— chitseko changa sichibwera msanga; chili pakati penipeni, kuchichotsa n'kugwetsa zonse;
— anyamata obereka aja, boti likaima patali, akumakuwa kuti, "Piya pano! Ndani akufuna piya?" akuloza misana yawo. Akuti ntchito yawo yakwera ulemu chiigwirireni a Hedi.

Ndati kumeneko n'kuononga mawu. Amake Joni, akundithowa msana ndi madzi otentha:

"Paja Lolemba munati n'chiyani? Chochokera pamtunda kulowa m'madzi, kuti wotsika m'boti afike pouma osanyowa mapazi. Dzulo chinachita zimenezo n'chiyani?"

Ndati bukulo likunena chomangidwa ndi mitengo kapena chitsulo.

"Nanga inu kuumaku, mumasiyana pati ndi mtengo?"

Ndapempha dikishonale. Ndawerenga. Ndawerenganso. Ndaitseka.

Esinati wabwera ndi phala. Waika pansi, wakhala kanthawi, watola suti yanga yamatope osafunsa. Potuluka watembenuka: "Amalume, akakhala wamwamuna, dzina mudzapereka ndinu." Ndamuuza kuti za mtsogolo sizikambidwa mopupuluma, ndipo atseke chitseko potuluka. Waseka. Mwezi wonse uno ndinali ndisanamumve akuseka.

Ndatembenuka chagada, movutikira. Ndikuona mitanda ya denga. Palibe kanthu. Mkungudza wotsala kudooko ndi wopapatiza, wodzaza mabowo, ndipo tsopano ukununkha matemba; sungakwane ngakhale chivundikiro. A Namakhwa akuti ali ndi matabwa a mango, akhoza kundisungira. Ndakana. Akuti mkungudza masiku ano sukupezeka, ndichite kudikira.

Ndidikira. Kufa ndaimika kaye, ndilibe pogona.